Jekete Lopanda Mabatani

Abambo amene amasesa machumuni mumsewu mwathu kuno ku Leer amavala jekete lakuda lopanda batani ngakhale limodzi. Amangolimanga ndi lamba. Chonsecho kwathu kuno munthu amagwira batani la wosesa chumuni kuti apeze mwayi.

Akalowa m'nyumba sayamba ndi moni. Amagwada pachitseko cha kubafa, kumene kumakhala mbaula ya gasi yotenthetsera madzi, n'kupisa zala m'timabowo tam'munsi tolowetsa mpweya.

"Moto umapuma ngati inu nomwe," amatero. "Mukautseka pakamwa, umakubwezerani mpweya wakupha, wosanunkha n'komwe."

Chaka china kukuzizira anapeza Mayi Oltmanns atatseka timabowoto ndi thaulo. Analisolola.

"Inu bambo, mphepo imeneyi imandiluma mapazi! Mumasamba muno ndinu?" Mayiwo anaseka n'kuwagwira batani. "Basi, mwayi ndatenga kale."

Nawonso anaseka, n'kumapita.

Patatha masiku atatu Mayi Oltmanns anapezeka atafa m'bafamo, thaulo litabwerera pamalo pake.

Mabatani onse a jekete lawo abambowo anawadula tsiku la maliro. Masiku ano wina akatambasula dzanja kuti awagwire pofuna mwayi, amalikankha.

"Palibe mwayi apa. Kandionetseni chitseko cha kubafa."