Timakapu Tolira pa Denga la ba Nason

Ba Nason anakulira ku Katete, ndipo ngakhale atasamukira ku Bauleni kukagwira ntchito ya ulonda, sanasiye kukonda kuyang'ana mitambo. Matenda a shuga atawalanda maso, m'mawa uliwonse ankafunsa akazi awo, ba Felistus, kuti kunja kwacha bwanji.

Tsiku lina ba Felistus anapita m'tauni kukafuna makina oyezera nyengo. Wogulitsa anawaonetsa amakono, otumiza zonse pa foni. Iwo anasankha akale, okhala ndi timakapu tozungulira ndi mphepo, chifukwa tinkalira tikamazungulira.

Poyamba anawamangirira pafupi ndi chipupa, koma timakaputo sitinagwedezeke n'komwe.

"Mwawabisa ku mphepo, amake Tamara," anatero ba Nason akuseka. "Akwezeni pamwamba."

Bambo wina woyandikana nawo anabweretsa paipi yaitali, nawakwezera makinawo pa denga la malata. Masana omwewo timakapu tinayamba kulira, ndipo ba Nason anatchera khutu.

"Iyi mphepo ni ya mvula," anatero. "Anulani vovala."

Kumwamba kunalibe mtambo, komabe ba Felistus anaanula zovalazo. Kenaka anatulutsa mpando, nakhala pambali pa amuna awo kudikira mvulayo.