Agulugufe a Kuseri kwa Chigafa

Apongozi anga aamuna ankadana ndi kamera yanga kuposa mowa, ndipotu anali mkulu wa mpingo. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, ndinakwatiwa ku Nkhamanga, kumpoto kuno, ndipo ndimaphunzitsa sayansi pasekondale ina kufupi ndi Bolero. Loweruka anzanga akamapita kokalukitsa tsitsi, ine ndinkakwawa m'tchire kujambula agulugufe. Sindinkagulitsa zithunzizo, ndinkangozikonda basi.

Akazi awo atamwalira, mkuluyo anabwera kudzakhala nafe. Zaka zinali zitapitapo ndili pabanja popanda mwana, ndipo iwo sankalola kuti ndiiwale.

"Mkamwana," ankatero ndikamalowa maondo ali mbuu, "lero watigwirira mdzukulu wamapiko?"

Ndinkagwada n'kuyankha kuti, "Yayi, adada." Koma mumtima ndinkawatukwana mpaka kumtundu kwawo. Amuna anga ankangoti ndisamawerengere za nkhalamba.

Nthawi yotentha, nthaka itauma gwa, agulugufe ankasowa moti ndinkachita kukwera minibasi kukawafuna kumtsinje ku Njakwa. Ndiye m'mawa wina ndinawapeza kuseri kwa chigafa chathu chakale cha fodya. Anali atadzaza pakamalo konyowa, achikasu, oyera, ndi wina wamkulu wakuda wamzere wobiriwira. Gulugufe sadikira munthu, koma awa ndinawayandikira chokwawa osauluka. Ndili chigonere chafufumimba, mphuno inandiuza chimene chinanyowetsa pamalopo.

Mawa lake ndinalawirira n'kubisala. Ndinaona adada, thaulo m'chiuno, akuchapa thalauza ndi nsalu yofunda m'beseni. Munthu amene sanachapepo ngakhale mpango! Madziwo anakhuthulira pomwe paja, zovala n'kuziyanika m'kati mwa chigafa mosafika anthu. Mkodzo unali utayamba kuwapulumuka.

Sindinauze amuna anga, ngakhale amagwira ntchito kuchipatala ndipo akanawathandiza. Sichinali chisoni ayi. Ndinakondwa kuti ndapeza powagwirira, komanso agulugufewo ankabwera tsiku lililonse, ndipo zithunzi zokongola choncho ndinali ndisanajambulepo.

Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi, akulu a mpingo anzawo atatu anabwera kudzamwa tiyi. Adada anakhala pampando wawo, jekete ndi tayi, akukamba za achinyamata osamva. Ndikuthira tiyi chogwada, mlendo wina anafunsa za ana.

"Musamuvutitse," anatero adada. "Uyu tinakamutenga kutali, ku Ntcheu, kuti azititolera tizilombo. Mkamwana, awonetse alendo adzukulu anga."

Anaseka onse, wina mpaka kutsamwa. Mtima wanga unawira. Ndinakatenga kamera n'kuwaonetsa chithunzi chimene ndinachisunga dala: agulugufe ali waa pansi, ndipo kumbuyo kwawo, m'kati mwa chigafa, thalauza yotuwa ikudontha madzi.

"Zokongola chomene," anatero mlendo uja. "Ndi kumapiri a ku Chelinda?"

"Ayi, ndi pakhomo pompano," ndinayankha ndi mawu anga a m'kalasi. "Gulugufe satsata madzi wamba, amafuna mchere. Amaupeza mumkodzo. Adada ndi amene amandiitanira, m'mawa uliwonse akamachapa thalauza yawo."

Alendowo maso anawathawira pamiyendo pa adada, kenako m'makapu. Adada anatsitsa kapu n'kuphimba miyendo ndi nyuzipepala ngakhale panalibe chobisa. Ndisaname, tsiku limenelo ndinadya bwino.

Amuna anga atamva anandikalipira, ine ndinawafunsa kumene anali zaka zonse ndikutchedwa chumba ndi nthabwala. Anabweretsa mankhwala, adada anakana. Kutchalitchi anasiya kupita. Belu likalira ankavala jekete n'kukhala m'chipinda, chitseko chotseka. Nthabwala zinatheratu, ankandipatsa moni waulemu ngati mlendo.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti munthu wophunzira ngati iwo angaganize zothana ndi vutolo kugwero kwake. Anasiya tiyi, kenako anayamba kuchepetsa madzi, m'nyengo imene ngakhale mbuzi zimabisala dzuwa. Kuseri kwa chigafa kunauma. Manyazi anga ndi akuti ndinazindikira msanga kusowa kwa agulugufe, milomo yawo yosweka ndinadzaiona pambuyo.

Madzi akatayika saoleka, komabe ndinayesa. Masana ena ndinawapeza atagona, maso atalowa m'kati. Ndinatunga kapu ya madzi ozizira mumtsuko, n'kugwada pambali pa bedi.

"Adada, ndinalakwa. Imwani pang'ono chabe."

Anayang'ana kapuyo nthawi yaitali, pakhosi pakuchita kukwera ndi kutsika. Kenako anatembenukira kukhoma.

"Yewo, mama," anathokoza ndi mawu osasa. "Ndilibe ludzu."