Madisiki m'munda wa amalume

Ndikukumbukira nyumba yathu ya ku Nabvutika pa tchuthi cha Ogasiti, mphepo ikulowetsa fumbi pansi pa chitseko, atate atakhala pa kompyuta yawo yakale yomwe inkalira ngati chigayo chakutali. Anali mphunzitsi, ndipo chaka ndi chaka tchuthi chimenechi chinkayamba ndi ntchito yomweyomweyo, yokopera vidiyo ya amayi.

Amayi anamwalira mng'ono wanga Misozi ali wakhanda. Zithunzi zinalipo, koma mawu awo anatsala m'vidiyo imodzi yokha, ya ukwati wa azakhali. Mmenemo amatsogolera nyimbo atasenza lichero la mphatso, kenaka amaphonya sitepe n'kuseka mpaka kugwira pamimba. Kwa Misozi, amayi anali amenewo basi.

Vidiyoyo inali yaikulu zedi. Kukopera kunkadya masana onse, kamzere kobiriwira kakuyenda ngati bilimankhwe. Magetsi akazima pakati, atate ankangoti "Chabwino," n'kudzayambiranso. Ikatha, ankatikhazika pansi kuti tionere yonse, ndi malangizo aatali a ankhoswe omwe. Ine ndinkanyinyirika, koma iwo ankati, "Chimene sunachitsegule, sunachisunge." Vidiyoyo sankaisunganso malo amodzi. Ina inkatsala m'kompyuta, madisiki ankapita kwa amalume ku Chipangali, ndipo kabokosi kakuda kosungira mavidiyo kankakhala kwa azakhali ku Mwami. Aphunzitsi anzawo ankawaseka kuti akusunga vidiyo ngati mtedza wa mbewu, womwe umasungitsako kwa abale kuopa makoswe.

Chaka china, mvula ili kumapeto, mphenzi inagwa pafupi ndi kwathu. Nyumba yonse inanunkha pulasitiki wopserera. Wokonza makompyuta wa m'tauni anangopukusa mutu. Titabwerera kunyumba Misozi anafunsa, "Ndiye amayi apsera momwemo?" Atate anayankha kuti ayi, Loweruka tikawatenga.

Tisanafike n'komwe pakhomo pa amalume, tinaona munda wa mpendadzuwa ukung'anima. Madisiki onse anali lendelende pa zingwe, akuzungulira ndi mphepo. Amalume anatichingamira nkhope ili mwee.

"Alamu, tizitsulo tanu tija n'tabwino! Mbalame sizikuyandikiranso. Poti mumabweretsa chaka ndi chaka, ndinati tachuluka."

Atate anamasula disiki imodzi. Inali yobooledwa ndi msomali wamoto, ndipo dzina la amayi, lomwe analemba okha, linali litafufutika ndi dzuwa. Ndinkayembekezera kuti akalipa. Iwo anangoyamikira kuti mpendadzuwa wacha bwino. Koma pobwerera kumsewu anandigwira dzanja osalisiya, ndipo mantha anandigwira kwa nthawi yoyamba.

M'mawa mwake tinali ku Mwami, tikudutsa pakati pa malole ndi fungo la dizilo. Azakhali sanafunse zambiri. Anatulutsa chitini cha mabisiketi pansi pa bedi, n'kumasula chitenje chomwe anakulungira kabokosi kaja. Laputopu tinabwereka kwa neba. Atate analumikiza, ndipo kwa kanthawi panali mdima wokhawokha. Kenaka mawu a amayi anadzaza chipinda chonse.

"Bwezani pamene akuseka," anatero Misozi. Atate anabweza, n'kutuluka panja, ati kukaona malole. Tsiku limenelo ndinasiya kuwaona ngati munthu wovuta. Ndinawanyadira, ndipo ndimawanyadirabe.

Masiku ano zinthu zinaphweka. Mavidiyo a ana anga amachoka okha m'foni kupita pa intaneti, ndipo sindidziwa n'komwe kumene amagona. Atate anakalamba, maso anachita khungu, koma ndikangofika, moni usanathe amafunsa, "Unaitsegula liti?" Choncho vidiyo ya amayi ndinaisunga kwanga, kwa Misozi ndi pa intaneti, ndipo Ogasiti aliyense timasonkhana n'kuionera yonse. Ana amanyinyirika pa ankhoswe monga ndinkachitira ine.

Chaka chatha, amayi ataphonya sitepe ija, mwana wanga wamkazi anaphulika nako kuseka, atagwira pamimba. Atate anatembenukira ku kanema, kenaka kwa mwanayo, n'kufunsa motsitsa mawu, "Waseka ndani pamenepa?"