Timabotolo ta Apongozi

Pakati pa usiku ndinamva mabotolo akugundana kukhitchini. Anali apongozi anga, atakhala pansi, akununkhiza lililonse.

Apongozi akhala akukolopa m'maofesi zaka makumi awiri, ndipo sataya kanthu. Sanitaiza wotsalira m'zigubu za kuntchito amabwera naye kunyumba n'kumukhuthulira m'timabotolo ta juwisi, ati tizipaka m'manja ngati mabwana.

Dzulo masana mwana wanga wa zaka zitatu anatola kabotolo kamodzi pansi pa sinki n'kumwako. Ndinamupeza akudzandira, m'kamwa mukununkha mowa, kenako anangogona, osadzuka ngakhale ndimugwedeze. Panopa ali kuchipatala pa diripi ndi bambo ake. Ine anandibweza kunyumba chifukwa ndili ndi wina wakhanda. Adokotala anafunsa kuti wamwa wochuluka bwanji, tonse tinangoyang'anana.

"Amayi, kagoneni," ndinatero.

"Munandichenjeza kawiri konse, amake mwana, ine n'kumakusekani kuti ndinu amantha," anayankha osandiyang'ana.

Anakhuthulira timabotolo tonse m'sinki, n'kusiya kamene mwana anamwako kaja, kotsala theka. Anakakulunga m'pepala.

"Aka ndinakadzaza ndekha mpaka pakhosi. Kukacha ndipita nako kwa adokotala akaone pomwe wafika. Bambo akenso ndikawauza kuti wothira ndine."