Batire la Pasukulu Yathu

Pepani kuti ndalimba mtima kulemba. Ine Wongani ndinalekezera Fomu 4 pasukulu yoyendera kuseri kwa Manyamula, ndipo Chichewa changa n'chophunzira m'kalasi, kunyumba timayankhula Chitumbuka. Koma nkhani yangayi ena akuikamba mokhota, ndiye ndati ndiilembe ndekha.

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene ananditcha wakuba pamaso pa ana. Ndinali mphunzitsi wodzipereka papulayimale ya m'mudzi mwathu. Atabwera matabuleti ophunzitsira ana kuwerenga, pamodzi ndi sola ndi batire lake, a hedi, bambo Chimkonda, anandipatsa ntchito yowatchaja ndi kuwapukuta. Ndinakondwa chomene. Anandilowetsanso pagulu la pafoni la aphunzitsi a m'zoni yathu, pomwe mlangizi wa zoni ankatumiza mavidiyo a kaphunzitsidwe, ndipo sukulu iliyonse inkatumiza zithunzi za ana akuphunzira ndi matabuleti.

Teremu isanathe, matabuleti anayamba kuzima m'mawa ndithu. Mlangizi atabwera kudzafunsa, a hedi anandiloza pa asembule.

"Kiyi amasunga ndi mnyamata uyu. Batire labwino wagulitsa, watiikira lakutha."

Kiyi wina anali m'thumba mwawo, koma ine ndinangoti, "Yewo, a hedi." Kuyambira pamenepo ana ankandikuwa ndikamadutsa pamjigo: "Batire! Batire!"

Amalume anandilipirira transipota wa pa Mzimba boma, wa galimoto yotengera anthu ku Joni. Ku Joni ndinapeza ntchito ya m'gadeni. Ndinkagona m'kachipinda ka malata ndi anyamata a ku Jenda, ndipo tsiku Lamlungu iwo akapita kokamwa, ndinkatha kufika madzulo osayankhula ndi munthu. Malipiro oyamba ndinagulira amama foni kuti ndizimva mawu awo. "Mwana wane, ukurya makora?" ankatero pofunsa ngati ndikudya bwino, kenaka nkhani ya feteleza. Za batire sanatchulepo.

Pagulu la aphunzitsi lija anaiwala kundichotsa. Nthawi yopuma ndinkakhala pansi pa zenera la abwana, pomwe intaneti inkafika, n'kumaonera maphunziro onse ngakhale ndinalibe kalasi. Ndinkaonanso zithunzi za a hedi. Ana atagwira matabuleti, akumwetulira, koma nthawi zonse wojambula ali kutsogolo kwawo kuti galasi la tabuleti lisaoneke. Sukulu inali italandira batire latsopano, wakuba ali ku Joni, nanga ankabisa chiyani? Aphunzitsi ankawayamikira, ine mtima ukuwira. Ndinkathirira maluwa a eni kwinaku ndikuyeseza mawu oti ndidzawauze bambo amenewa.

Ndinabwerera patapita zaka ziwiri. M'mawa mwake amama anandipatsa foni yawo itazima.

"Kaipereke kwa akazi a a hedi. Mbwenu madzulo ukatenge."

"Ikakatani kumeneko?"

"Kutchaja. Mudzi wonse timatchaja kwenekuko."

"Kuyambira liti, amama?"

Anayang'ana pansi. "Anthu anayamba kale, iwe usanapite."

"Ndiye munkadziwa kuti batire lija sindinagulitse?"

"Aliyense ankadziwa, mwana wane. Koma kotchajira kwina ndi ku Manyamula, ndipo n'kutali. Ndikanayankhula, anthu akanandida. Nanga mawu ako a ku Joni ndikanawamvera pati?"

Ndinatenga foniyo n'kunyamuka.

Waya ankachokera pawindo la ofesi, n'kudutsa m'chimanga mpaka m'nyumba ya a hedi. Patebulo pawo mafoni anali atandandalikidwa ngati tomato pamsika, iliyonse ndi kapepala ka dzina la mwini wake. Ya amalume inali pomwepo, ya wapampando wa komiti ya sukulu inalinso pomwepo. Pambali panali mbale ya mazira, malipiro a amene analibe ndalama.

"Eee, a ku Joni afika!" anatero akazi a a hedi. "Mwatitengera chiyani, achimwene?"

"Kanthu kochepa, mayi. Muona posachedwa."

Atatuluka kukanditengera mpando, ndinajambula tebulo lonse. Ndinajambula waya uja mpaka pawindo la ofesi, ndi matabuleti ali m'bokosi, ozima, fumbi lokhalokha. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango n'kutumiza zonse pagulu, ndi mawu akuti: "Pepani akuluakulu, ndine Wongani uja ndinagulitsa batire. Onani kumene moto wa ana umapita."

Madzulo a hedi anafika kwathu thukuta lili kamukamu.

"Achimwene, tikanakambirana ngati amuna. Ndili ndi ana ine. Fufutani zija, munene kuti munkaseka."

Ndinawapatsa mpando ndi madzi akumwa, ndinawamvera mpaka anamaliza, ndinawaperekeza mpaka pamsewu. Zithunzi sindinafufute.

Mlangizi anabwera panjinga yamoto ndi akuluakulu a ku boma. Anaimika a hedi pa asembule, ndipo ndi pakamwa pawo ananena kuti ine sindinabe kanthu. Ndinapempha kuti abwereze, chifukwa ana a kumbuyo sanamve. Anabwereza.

Batire analitsekera m'bokosi lachitsulo, matabuleti anayamba kuyaka. Koma m'mudzi palibe anabwera kudzandipepesa. Pagolosale amati ndabwera ndi mtima wa ku Joni, ndawazimitsira mafoni. Amalume akandiona amakhota. Foni ya amama ndimapita nayo ndekha panjinga ku Manyamula, ndipo akailandira sanena yewo.

A hedi anawachotsa pasukulupo. Lole yodzatenga katundu wawo itafika, mwa onse ankatchaja patebulo paja palibe anabwera kudzathandiza. Ndinapita ine. Ndinanyamula mipando, matumba a chimanga, ngakhale nkhuku zawo, chifukwa ndinkafuna kuona ndi maso anga kuti sanasiye chilichonse chobwererera. Lole inanyamuka masana, Lachisanu lotsekera teremu yachiwiri ya chaka chino.