Minga ya ku Shropshire

Loweruka tinanyamuka ku Walsall seveni koloko m'mawa, ulendo wokaona malo ku Shropshire, pa galimoto ya fobayifo imene adadi anabwereka kwa mnzawo wa kuntchito. Ku Malawi adadi anali dalaivala m'misewu ya fumbi ya ku Chikwawa, koma kuno ku England amangonyamula makatoni. Amami anavomera ulendowu atawalumbiritsa kuti tibwerako isanakwane thu koloko, nthawi ya shifiti yawo kuchipatala.

"Wodi imeneyi ndangoyamba kumene, abambo a Tadala," anatero amami. "Ndikachedwa, sisita uja andilemba m'buku la ochedwa."

Pa Telford tinathira dizilo ndi kugula tchipisi chozizira. Cha m'ma naini tinasiya tala n'kulowa kanjira ka miyala, kotsika pakati pa zitunda ziwiri. Ine ndinkayembekezera zigwembe zofiira za m'chipululu, ngati za m'buku langa la jogirafe. Ndinapeza nkhosa ndi mvula yowaza.

Teni koloko, pansi pa chigwa, tinatitimira m'matope. Adadi anatsika akumwetulira ngati akumana ndi m'bale wawo. Anathyola nthambi zaminga za m'mbali mwa njira n'kuziyala pansi pa matayala, monga ankachitira kwathu. Amami anamanga chitenje pamwamba pa jinzi, maso ali pa wotchi.

Kenaka panafika bambo wina wachizungu ndi galu wake, nkhope ili psu. Anati zimene tathyolazo si tchire ayi, ndi mpanda wa nkhosa zake, anadzala ndi agogo ake. Adadi anavula chipewa n'kupepesa. Kwathu, iwo anafotokoza, thengo la m'mbali mwa msewu ndi la aliyense amene watitimira. Mlimiyo anati atikoka ndi thirakitala, koma ayambe wadyetsa ziweto, tidikire mpaka wani koloko.

"Basi, ntchito yanga yathera pano," amami ananong'ona.

Adadi anagwada pambali pa galimoto. Anaphwetsako pang'ono matayala onse anayi, nauza ine ndi amami kuti tikankhe akaimba hutala. Anaika giya yachiwiri, galimoto inagwedezeka kawiri, kachitatu inatuluka, n'kutipopera matope mpaka m'tsitsi.

"Mwaphunzira kuti zimenezi?" anafunsa mlimiyo.

"Ku Chikwawa," anatero adadi, ngati ndi dera loyandikana ndi Birmingham.

Mlimiyo anaseka, koma za mpanda sanaiwale. Anagwirizana kuti adadi abwere Loweruka linalo adzatseke pamene tinaboolapo.

Tinapopa matayala pa galaja ya ku Shrewsbury. Amami anapukuta nkhope ndi chitenje, navala yunifomu kumpando wakumbuyo, ndipo anatsika pachipatala kutatsala mphindi zisanu. Njira yonse adadi ankaimba nyimbo za kwaya, koyamba chibwerere kuno.

Chipululu sindinachione, koma ndidzachiona ndikadzakula. Lero ndaphunzira kuti ku England ngakhale minga ili ndi mwini wake.