Inki Yofiira Inathera pa Ukwati

Ku ofesi ankamutcha Amake Moto, ngakhale kuti moto ndi umene ankadana nawo kuposa chilichonse. Ntchito yake inali yojambula mapu osonyeza kumene tchire lingapse msanga. Mvula ikangosiya, ankavala nsapato zachimuna n'kumayendayenda m'mapiri, kuthyola udzu ndi zala kuti amve ngati wauma, kenako n'kukakhala pa kompyuta kuphatikiza zimenezo ndi za mphepo ndi kutentha. Pa mapu ake, kobiriwira kunali kwabwino, kwachikasu kofunika kuchenjera pang'ono, kofiira ndiye kothamangira ndi makasu kukalambula. Ngakhale popita kumaliro, mayiyu ankaima panjira n'kufikisa udzu m'manja, mpaka anzake kuchita naye manyazi.

Chaka chimenecho phiri la kwawo linatuluka lofiira psuu. Kumeneko mlongo wake wamkulu anali ndi munda wa mitengo ya paini imene anadzala chaka chomwe mwana wake woyamba anabadwa, ndipo inali itatsala pang'ono kuchekedwa matabwa.

Tsiku lina atabwerako kutchire, anapeza mapu atasindikizidwa kale, atadindidwa, n'kutumizidwa m'madera onse. Anayang'ana amene anali pakhoma. Kofiira kunalibe. Phiri lonse linali lachikasu ngati dzungu.

"Inki yofiira inatha," anatero kalaliki akuyang'ana pansi. "Abwana anasindikiza makadi a ukwati wa mwana wawo. Maluwa ake ofiira okhaokha."

Amake Moto analowa kwa abwana osagogoda.

"Bwana, mapuwa akunama. Tiwaitanitse abwerere."

"Mayi, chikasu nachonso n'chenjezo," anatero abwana akutokosa m'mano. "Komanso kufiira kwanu kuja kumangoopseza anthu. Khadi lanu mwalandira?"

Mayiyo anatuluka malovu ali m'kamwa, kusowa powalavulira. Munthu wamkulumkulu, tayi ili pakhosi, kusinthanitsa mapiri ndi maluwa apapepala! Anagula cholembera chofiira n'kupaka mapu apakhomawo, koma ena aja anali atafika kale kutali. Anaimba foni uku ndi uku. Ena anamvera, ena anangoti tamva. Kenako anaimbira mlongo wake uja.

"Achimwene, lambulani m'mphepete mwa munda sabata inoyi. Kwanuko n'kofiira."

"Iwe, mapuwo ndawaona ku ofesi yakuno. N'kwachikasu, chidindo chilipo."

"Mapuwo ndinajambula ndine!"

"Ndiye ukutsutsana ndi ntchito yako yomwe? Uli mwana unkaopa ngakhale nyali. Ndilambula ndikamaliza kukonza denga."

Apa m'pamene zinamunyansa koposa. Za abwana zikhale apo, koma munthu wobadwa naye bere limodzi kukhulupirira chidindo kusiya mlongo wake?

Denga lisanathe, mphepo inabwera. Moto unayambira kuseri kwa phiri masana, dzuwa likuswa mtengo, ndipo palibe chinauimitsa. M'mawa mwake Amake Moto anakwera basi yoyamba. Anapeza munda wonse uli zitsa zakuda zofuka utsi, mlongo wake atakhala pamwala, phulusa mpaka m'nsidze. Anangokhala pambali pake kuti amupepese.

Mkuluyo anadzutsa mutu n'kumuyang'ana kuyambira kumapazi.

"Sukulu yonse ija tinakuphunzitsa," anatero, "n'kumatijambulira mapu abodza?"